Mabuku a Nthano a ku Japan ndi Njira Imene Anadzera Kuti Atifike

Aphunzitsi anzanga, munthu wofuna kuyamba kuwerenga mabuku a nthano a ku Japan amapeza bvuto asanatsegule ngakhale tsamba limodzi. Maina a olemba ake ndi acilendo, mabukuwo ndi ambiri, ndipo ife sitingathe kuwawerenga m'cinenero cimene analembedwamo. Timawalandira m'Cingerezi, atadutsa kale m'manja mwa munthu wina amene anawasankha ndi kuwamasulira. Cifukwa cake ndiyesa kuti nkwabwino kuyamba ndi mbiri yao, kuti tidziwe m'mene anabadwira ndi amene anawatengera kunja. Mbiriyo si yaitali monga munthu angaganizire, ndipo aphunzitsi a sukulu akupezekamo kawiri-kawiri, ena ngati olemba, ena ngati anthu osimbidwa m'nthanozo.

Kwa zaka zoposa 200 Japan linali dziko lotseka makomo. Kuyambira m'zaka za 1630 olamulira a banja la Tokugawa analetsa anthu ao kupita kunja, ndipo mwa Azungu onse analola a ku Holland okha kucita malonda, iwonso pa kacisumbu ka Dejima, pa doko la Nagasaki. Koma tisayese kuti m'dzikomo munali mdima. M'mizinda munali anthu ambiri odziwa kuwerenga, munali osindikiza mabuku ndi obwereketsa mabuku, ndipo nthano yaitali ya Genji, imene analemba mai Murasaki Shikibu, inali itakhala kale zaka zoposa 800. Mu July 1853 Matthew Perry anafika ndi zombo zinai za nkhondo za ku America, nauza olamulirawo kuti atsegule madoko. Patapita zaka 15, mu 1868, ulamuliro wa Tokugawa unagwa, boma latsopano linakhazikitsidwa m'dzina la Mfumu Meiji, ndipo mzinda wa Edo unachedwa Tokyo.

Boma limeneli linaona kuti dziko losaphunzira lidzamezedwa ndi maiko a Azungu, tsono mu 1872 linaika lamulo lakuti mwana ali yense, wamwamuna ndi wamkazi, apite ku sukulu. Anthu a m'midzi sanalilandire ndi manja awiri. Sukulu inafuna ndalama, inacotsanso ana ku minda, ndipo m'caka cotsatira kunali madera kumene anthu anatentha masukulu. Komabe pofika 1910 ana oposa 90 mwa 100 alionse anali kuphunzira. Apa ndi pamene panacokera khamu la owerenga manyuzipepala, ndipo mabuku ambiri amene nditi ndichule anayamba kutuluka pang'ono-pang'ono m'manyuzipepala ndi m'magazini asanamangidwe kukhala buku.

Panali cinthu cimodzi cotsekereza njira. Cijapani colembedwa cinali citasiyana kutali ndi Cijapani colankhulidwa. Wolemba anali kutsata malamulo a cinenero ca makolo akale-kale, ndi mau ambiri ocokera ku China, kotero kuti zimene munthu anali kunena kwa mkazi wake pa cakudya sizinali kulembeka monga anazinenera. Mu 1885 ndi 1886 mphunzitsi wina, Tsubouchi Shoyo, amene pambuyo pake anamasulira masewero onse a Shakespeare, analemba kabuku kolimbikitsa kuti nthano isiye kulalikira za zabwino ndi zoipa, koma ionetse mtima wa munthu monga uliri. Mnyamata wina amene anaphunzira Cirasha, Futabatei Shimei, anapita kwa iye kukafunsa kuti nthano yotere ailembe m'cinenero canji. Tsubouchi anamuuza kuti alembe monga amasimbira San'yutei Encho, katswiri wokamba nthano pamaso pa anthu. Cotulukapo cake cinali Ukigumo, ndiye kuti mtambo woyendayenda, buku limene linatuluka kuyambira 1887 mpaka 1889, ndipo ambiri amaliyesa loyamba mwa mabuku a makono a ku Japan. Nkhani yake ndi ya kalaliki wa boma amene acotsedwa nchito cifukwa sadziwa kunyengerera bwana, naona mtsikana amene amkonda akukopeka ndi mnzake wodziwa kugwada. Futabatei yemweyo anamasulira nthano za Turgenev, ndipo olemba acinyamata anaphunzira kalembedwe katsopano m'zomasulirazo. Tsono tione kuti mabuku amene ife tiwerenga omasulira, iwonso anakula ndi mkaka wa mabuku omasulira.

Pa nthawi yomweyo panali mtsikana amene sanatsate njira yatsopanoyi, koma analemba m'cinenero cakale mwaluso lodabwitsa. Higuchi Ichiyo anasiya sukulu ali wamng'ono, atate ake anamwalira atasiya ngongole, ndipo iye anadyetsa amake ndi mng'ono wake ndi kusoka, kucapa ndi kagolosale. Nthano yake Takekurabe imasimba za ana okulira pafupi ndi malo a akazi adama a Yoshiwara, ana amene tsogolo lao linagamulidwa kale iwo akali kusewera. Anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1896 ali ndi zaka 24. Mu 2004 nkhope ya mmphawi ameneyu inaikidwa pa ndalama ya pepala ya 5,000 yen.

Caka cimene ndifuna kuti tikhalepo pang'ono ndi 1906, pakuti m'caka cimeneco munatuluka mabuku awiri osimba za aphunzitsi, olembedwa ndi anthu amene anagwirapo coko.

Loyamba ndi Botchan, la Natsume Soseki. Munthu ameneyu anabadwa mu 1867, ndipo mu 1895 anaphunzitsa Cingerezi pa sukulu ya ku Matsuyama, pa cisumbu ca Shikoku. Mu 1900 boma linamtumiza ku London kukaphunzira. Kumeneko anakhala zaka ziwiri zowawa, ndalama zili zocepa, ali wodzitsekera m'cipinda ndi mabuku, akudzifunsa ngati Mjapani angaweruze mabuku a Cingerezi ndi maso ake-ake kapena adzingobwereza zimene Angerezi anena. Funso limeneli silinamleke moyo wake wonse, ndipo ndiyesa kuti si lacilendo kwa ife amene tinaphunzira m'cinenero ca eni. Atabwerako anaphunzitsa pa Yunivesite ya Tokyo, koma mu 1907 anadabwitsa anthu posiya nchito yaulemu imeneyo nakalowa ku nyuzipepala ya Asahi kuti azilemba nthano zokha.

Botchan ndi buku loseketsa. Mnyamata wa ku Tokyo, wopsa mtima msanga koma wosadziwa bodza, atumizidwa kukaphunzitsa masamu ku sukulu ya kutali. Tsiku lofika apatsa aphunzitsi anzake maina aciphwete: wina Nungu, wina Malaya Ofiira. Akadya ku nyumba ya zakudya madzulo, m'mawa mwake apeza ana atalemba pa bolodi mbale zimene anadya. Usiku wake woyamba wogona ku sukulu kuyang'anira ana, apeza ziwala atazithira m'zofunda zake. Koma pansi pa nthabwalazi pali nkhani yolemera, ya mkulu wa aphunzitsi wolankhula mofatsa amene acititsa kuti mnzake wofooka asamutsidwire kutali pofuna kumlanda bwenzi lake. Ali yense amene anafikapo mlendo pa sukulu, mudzi wonse ukumwerengera mapazi, adzalizindikira buku limeneli.

Laciwiri ndi la Shimazaki Toson, amene anaphunzitsa ku Komoro, m'dera la mapiri, ndipo analisindikiza ndi ndalama za iye mwini. Dzina lake ndi Hakai, m'Cingerezi The Broken Commandment. Ku Japan kunali anthu amene makolo ao anali ogwira nchito zoyesedwa zodetsa, monga kupha nyama ndi kufufuta zikopa. Lamulo la 1871 linati iwo ndi ofanana ndi anthu onse, koma mitima ya anthu sinasinthe pamodzi ndi lamulo. Ushimatsu, mphunzitsi wacinyamata wokondedwa ndi ana, ndi mmodzi wa iwo, ndipo atate ake anamlamula kuti asaulule kwa munthu ali yense. Buku lonse ndi nkhondo ya m'mtima mwake, pakati pa mau a atate ake ndi manyazi okhala ndi moyo wobisala. Potsiriza aulula pamaso pa ana a m'kalasi mwake, nagwada kupempha kuti amkhululukire. Anthu a mtundu umenewo anadandaula pambuyo pake ndi kugwadako, nafunsa kuti munthu apepese bwanji cifukwa ca kubadwa kwake. Ndipo ine ndiyesa kuti dandaulo lao ndi lomveka. Komabe bukulo linachula poyera cinthu cimene ambiri anafuna kuti cikhale cobisika.

Soseki analembanso Kokoro mu 1914, zaka ziwiri asanamwalire. Mnyamata wa pa yunivesite adziphatika kwa munthu wacikulire amene amchula Sensei, ndiye kuti Aphunzitsi, ngakhale kuti mkuluyo alibe sukulu kapena nchito iri yonse. Mwezi ndi mwezi mkuluyo amapita yekha ku manda ena, osanena cifukwa. Mnyamatayo ali kwao kudwazika atate ake, m'masiku a imfa ya Mfumu Meiji mu 1912, alandira kalata yaitali, ndipo kalatayo ndiyo gawo lotsiriza la buku. M'menemo Sensei aulula m'mene anacenjerera bwenzi lake pa nkhani ya mkazi, ndi cimene cinatsatapo. Sindipitirira apa, kuopa kulanda owerenga cao.

Nanga mabuku amenewa anafika bwanji m'Cingerezi? Ena anamasuliridwa kale-kale ndi Ajapani eni, koma sanayende kutali. Buku loyamba kuchuka kunja linali lakale lija la Genji, limene Arthur Waley anamasulira kuyambira 1925 mpaka 1933, munthu amene sanapondepo ku Japan moyo wake wonse. Koma khomo leni-leni linatsegulidwa ndi nkhondo. Pamene America inayamba kumenyana ndi Japan mu 1941, inasowa anthu odziwa cinenero ca adani, tsono asilikali a pamadzi anatsegula sukulu yophunzitsa anyamata Cijapani mofulumira, kuti aziwerenga makalata ogwidwa ndi kufunsa akaidi. Mwa anyamata amenewo munali Donald Keene ndi Edward Seidensticker. Nkhondo itatha mu 1945 iwo sanasiye cinenerocho, ndipo amene anaphunzitsidwa kuti athandize kugonjetsa Japan anasanduka onyamula mabuku ake.

Mu 1951 kanema wa Kurosawa wochedwa Rashomon, wocokera pa nthano ziwiri za Akutagawa Ryunosuke, analandira mphoto yoyamba ku Venice, ndipo anthu a kunja anayamba kufunsa za dziko limeneli. Harold Strauss, mkulu wosankha mabuku pa kampani ya Knopf ku New York, amene anakhalapo ku Japan nkhondo itangotha, anayamba kutulutsa mabuku omasulira mu 1955. Caka cimeneco kunatuluka Some Prefer Nettles la Tanizaki Jun'ichiro, mu 1956 Snow Country la Kawabata Yasunari, mu 1957 The Makioka Sisters la Tanizaki yemweyo, onse atatu omasuliridwa ndi Seidensticker. Keene anasonkhanitsa zolemba za anthu ambiri m'mabuku awiri, la 1955 ndi la 1956. Kokoro linatuluka mu 1957 m'Cingerezi ca Edwin McClellan. Pamene Kawabata analandira mphoto ya Nobel mu 1968, Mjapani woyamba kuilandira pa zolembalemba, Seidensticker anapita naye ku Stockholm namasulira mau ake.

Nchito imeneyi inali yaikulu, ndipo tiyenera kuithokoza. Koma apa ndi pamene wowerenga ayenera kucenjera. Anthu owerengeka ndiwo anasankhira dziko lonse la pansi cimene liyenera kuyesa mabuku a ku Japan, ndipo kwa zaka zambiri maina omveka anali atatu: Tanizaki, Kawabata ndi Mishima Yukio. M'mabuku ambiri osankhidwawo Japan anaoneka ngati dziko la zokongola zimene zirinkutha, la maluwa, la miyambo ya tiyi ndi akazi obvina, la cisoni cacete. Cithunzi cimeneci cinali cokomera America, imene pa nthawiyo inafuna kuti mdani wa dzulo aoneke bwenzi lofatsa. Si cabodza, koma ndi mbali imodzi. Kunalinso Kobayashi Takiji, amene mu 1929 analemba za anchito ozunzika pa combo cogwira nkhanu, naphedwa m'manja mwa apolisi mu 1933 ali ndi zaka 29. Buku la Toson lija linadikira mpaka 1974 kuti lituluke m'Cingerezi, zaka 68 cilembedwere. Ichiyo analowa ndi nthano imodzi m'buku la Keene, koma buku losonkhanitsa nthano zake ndi mbiri ya moyo wake linadza mu 1981. Munthu amene awerenga atatu aja okha nkunena kuti wadziwa Japan, ali ngati mlendo amene anaona bwalo la mfumu nabwerera osafika ku minda.

Palinso cimene cimataika m'kumasulira kweni-kweniko, ndipo pamenepa ife olankhula Cinyanja tiri ndi mwai woposa Mngerezi. Cijapani ciri ndi mau ambiri onenera ine ndi iwe, ndipo mneni amasintha malinga ndi ulemu wa munthu amene ulankhula naye. Cingerezi ciri ndi liu limodzi lokha la mfumu, mwana ndi galu yemwe. Ife tidziwa kuti mkazi akasiya kunena inu kwa mwamuna wake nayamba kunena iwe, m'nyumbamo mwacitika kanthu. Cotero powerenga makambirano m'mabuku amenewa, nkothandiza kudzifunsa kuti apa akadanena iwe kapena inu. Kawiri-kawiri nkhani imene inaoneka yozizira imayamba kutentha. Comweconso dzina lija Kokoro: McClellan analisiya losamasulira, pakuti Cingerezi cimalekanitsa cimene cimaganiza ndi cimene cimamva cisoni, koma liu lathu lakuti mtima linyamula zonse ziwiri monga la Cijapani. Pena tiri pamodzi ndi Mngerezi m'kusowa. Cijapani cimatha kusiya osachula wocita cinthu. Ciganizo coyamba ca Snow Country sicinena amene atuluka m'mphanga yoboola phiri, kaya ndi munthu, kaya ndi sitima, ndipo womasulira anakakamizika kuikapo sitima. Ifenso tikadakakamizika, pakuti mneni wathu saima popanda kuonetsa mwini wake.

Kanthu kena kakang'ono kosokoneza oyamba: Ajapani amayamba ndi dzina la banja, monga ndacitira muno, koma pa zikuto za mabuku a Cingerezi maina amatembenuzidwa. Ndiponso Soseki, Toson ndi Ichiyo si maina a mabanja. Ndi maina amene olembawo anadzipatsa polemba. Pofunafuna buku m'laibulale, yang'anani mbali zonse ziwiri.

Kuyambira m'zaka za 1960 khomo linakula. Black Rain la Ibuse Masuji, losimba za banja lobvutika kupezera mtsikana wao mwamuna cifukwa anthu aopa kuti anadwala ndi bomba la ku Hiroshima, linatuluka m'Cingerezi mu 1969. Caka comweco kunatuluka Silence la Endo Shusaku, Mkatolika, lonena za wansembe wa ku Portugal m'masiku a cizunzo ca Akristu, amene auzidwa kuti akaponda cifanizo ca Kristu, anthu osauka ozunzidwa cifukwa ca iye adzamasulidwa. Ndi buku losapatsa mtendere, ndipo linautsa mtsutso pakati pa Akristu a ku Japan eni. Oe Kenzaburo analandira mphoto ya Nobel mu 1994. Murakami Haruki anayamba kumveka kunja ca m'ma 1989, ndipo pambuyo pake akazi, amene kale anali kusiyidwa m'mbuyo, anafika patsogolo: Kitchen la Yoshimoto Banana linamasuliridwa mu 1993, Convenience Store Woman la Murata Sayaka mu 2018.

Tsono munthu ayambire pati? Ambiri amapatsidwa Snow Country poyamba cifukwa ca mphoto ija, naliika pansi atafika pakati, nati mabuku a ku Japan alibe mutu. Ine sindingayambitse munthu pamenepo. Bukulo limanena zambiri ndi kukhala cete, ndipo limakoma kwa amene wazolowera kale. Ndingayambe ndi nthano yaifupi ya Akutagawa ya 1922, In a Grove, imene munthu angaimalize asanazime nyali. Mwamuna wapezeka wakufa m'nkhalango, anthu asanu ndi awiri apereka umboni, ndipo atatu mwa iwo, mbala, mkazi wa malemuyo, ndi malemu mwini polankhula mwa wobwebweta, ali yense anena kuti wakupha ndi iye. Amene anakhalapo pa bwalo la milandu sadzafuna womfotokozera. Pambuyo pake Botchan, kuti aseke. Kokoro adze nalo atapeza masiku a chuthi, pakuti silifuna phuma.

Koma ngati m'dera lanu mungapezeke buku limodzi lokha, ndikadakonda likhale Twenty-Four Eyes la mai Tsuboi Sakae, la 1952, limene linamasuliridwa mu 1957 ndipo silichulidwa kawiri-kawiri pamodzi ndi akulu aja. Maso 24 ndiwo a ana 12 a kalasi loyamba pa kasukulu ka m'mudzi wa asodzi. Mu 1928 kufika mphunzitsi wamkazi wongotuluka kumene ku maphunziro, a Oishi, atakwera njinga, atabvala zobvala za Cizungu, ndipo amai a m'mudzi ayamba kumnena. Ana akumba dzenje mwamasewera, iye agweramo napweteka mwendo, ndipo pomsowa, tiana timeneti tiyenda ulendo wautali wa pansi kukamuona, tikulira ndi njala panjira. Tsiku limenelo ajambulitsa cithunzi onse pamodzi. Zaka zipita. Umphawi ucotsa atsikana ena pa sukulu, mphunzitsi wina agwidwa pomganizira kuti ali ndi maganizo otsutsa boma, ndipo a Oishi, polephera kuuza anyamata kuti kufera mfumu ndi cinthu cokoma, asiya nchito. Mwa anyamata asanu atatu afera ku nkhondo. Nkhondo itatha otsalawo aitana mphunzitsi wao ku kaphwando, ndipo cithunzi cija ciyenda m'manja. Cifika kwa Isokichi, amene anabwera ku nkhondo ali wakhungu. Iye anena kuti cimeneci cokha amaciona, nayendetsa cala pa pepalalo, akuchula anzake mmodzi-mmodzi pamene anaima, ndipo calaco cikuphonya pang'ono.